Jekete ya Agogo a Kalaliki

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga ndi ana onse kumeneko. Nanga kuthamanga kwa magazi kuja, kumene kumakuyambani ndikangotchula mwana wanga, kwatsikako? Kuno tilipo. Atsikana anga awiri ali bwino, azakhali ndi miyendo yawo ija basi. Mnyamata wanga nayenso ali bwino, ngakhale simunafunse. Atuluka kundende kumapeto kwa mwezi uno, ndipo mpaka lero alibe pokagona.

Kalata yanu ndinalandira. Masamba odzaza ndi za ukwati wa mwana wanu, ndi kamzere kamodzi koyankha pempho langa. Mwati chipinda cha kuseri kwa nyumba ya makolo athu chikhalabe chokhoma, makiyi akhalabe ndi alamu anu, abale a akazi anu aja, amene munawaika kuti aziyang'anira pamalopo. Mwati munthu wolawa ndende sangagone pakhomo pamene pali chithunzi cha agogo a Kalaliki. Mwatinso m'magazi mwathu mulibe kuba, mwanayo anatengera kwa bambo ake. Malemu mwamuna wanga, munthu amene ankabweza ngakhale singano yobwereka, mwamudzutsa kumanda kuti asenze mlandu.

Mukudziwa bwino kuti ine ndimakhala m'chipinda chimodzi cha lendi ndi atsikana akuluakulu awiri. Munthu wandevu ndikamugoneke pati, pansi pa bedi?

Koma mayi wa mbava mwamuona kuti pa nkhani yotumidwa ndiye amatha. Mwati ndikutumizireni jekete ya agogo, mwana wanu akavale pa tsiku lake monga amachitira mwamuna aliyense wa m'banja muno. Mwatinso ndipite kunyumba yosungira zolemba zakale za boma, ndikafufuze mapepala a ntchito ya agogo, chifukwa mukufuna kusindikiza kabuku ka mbiri yathu kogawira alendo, kuti akuchikazi adziwe kuti mwana wawo akulowa m'banja la anthu. Ndinapempha tchuthi kusitolo, ndinapita. Khalani pansi, achimwene, ndipo mapiritsi aja akhale pafupi.

Ndiyambe ndi zimene tonse tinayamwira. Agogo, bambo wa malemu bambo athu, anapita kunja ali mnyamata, anakakhala kalaliki wa boma, anabwerako ndi ulemu ndi jekete. Umboni wake ndi chithunzi chija cha pabalaza: mutu wometa mpala, maso ali tong'o, atagwira kasileti ka nambala pachifuwa. Bambo ankati imeneyo ndi nambala yawo ya pantchito, yopatsidwa anthu odalirika okhaokha. Tikalephera mayeso ankatiimika pamaso pa chithunzicho kuti tichite manyazi. Inu munafika poitana wowotcherera zitsulo kuti aike nambalayo pageti pa nyumba ya makolo athu, n'kuipaka utoto wagolide. Aliyense wodutsa mumsewu amaiwerenga.

Kunyumba ya zolembako n'kozizira ngati m'firiji, mawindo kulibe, fungo la makatoni akale lokhalokha. Chikwama amasiyitsa pakhomo, cholembera cha inki salola, pensulo yokha. Anandithandiza mayi wina wa magalasi a chingwe, wovala magolovesi oyera, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mapepala.

Tinayamba ndi buku la obadwa. Agogo tinawapeza, mayina a makolo awo ndi omwe aja ali kumapeto kwa Baibulo la bambo. Tinapita ku buku la otuluka m'dziko, tinawapezanso, ndi sitima imene anakwera. Polemba ntchito panalembedwa kuti wantchito wamba. Ndinati palibe kanthu, munthu amayambira pansi. Koma m'mabuku a makalaliki mayiyo anatembenuza masamba mpaka magolovesi anada, dzina lawo osaoneka.

Ndiye ine, ndi matama onse a mwana wa m'banja la anthu, ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chija, n'kumuuza kuti afufuze ndi nambala ya pantchitoyo. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandifunsa, mwaulemu kwambiri, ngati kunyumba tili nachonso chinzake. Ndinati chinzake chiti? Anati choyang'ana cham'mbali, chifukwa zithunzi za mtundu umenewu amajambula ziwiriziwiri.

Anapita ku shelefu ya anthu obwezedwa kwawo atamaliza chilango, poti boma la kunjako linkatumiza munthu pamodzi ndi mapepala ake. Anabwera ndi fayilo yomanga ndi kachingwe. Tsamba loyamba, agogo athu awo, nambala ya pageti paja ili pachifuwa. Pambali pake agogo omwewo ayang'ana kukhoma, khutu lawo lopindika lija lili poyera, khutu limene inu mumanyadira kuti munatengera. Ife ana a m'nyumba imodzi, ndi bambo athu omwe, takhala tikugwadira chithunzi cha apolisi.

Ntchito anaipezadi kunjako, koma osati ya cholembera. Ankagwira pa kampani ina yoika maliro a anthu olemera. Iwo ndiwo ankakhala omaliza: abale akaona nkhope n'kutuluka, agogo ankatsala okha kuti akhome chivundikiro cha bokosi. Asanakhome ankayamba amuvula malemuyo jekete, nsapato, lamba, ngakhale mano oikirira akakhala agolide. Mabwana ambiri a mumzindamo anakafika kwa Mlengi wawo ndi malaya ndi sokosi basi. Anagwidwa pamene mayi wina wamasiye anakumana ndi jekete ya mwamuna wake pasiteshoni, itavalidwa ndi munthu wamoyo akudya nthochi.

Woweruza analemba kuti pa ntchito yake yonse sanaonepo munthu wouma m'maso chotero, chifukwa agogo poyankha mlandu anati eni akewo sanadandaulepo.

Ndinaseka, achimwene. M'chipinda choletsa ngakhale kutsokomola, ine ndinaseka chikhakhali mpaka misozi, mpaka mlonda anasuzumira. Ndinkakumbukira mawu anu a pafoni tsiku limene mwana wanga anagamulidwa, mukuti agogo akutembenuka m'manda. Azitembenuka ndithu, mwina akupisa m'matumba mwa oyandikana nawo.

Sindinathe. Kumbuyo kwa fayiloyo analemba katundu amene apolisi anapeza, ndi chinthu chimodzi chimene sanachipeze: jekete yakuda, nsalu ya m'kati yofiira, mabatani amkuwa okhala ndi nangula. Mwaizindikira? M'mapepalamo afotokozanso kuti pakampanipo jekete ankazidula kumsana, kuchokera pakolala mpaka pansi, poti mtembo supinda mikono. Agogo ankazisoka okha asanagulitse.

Ndiwo msoko uja wa kumsana, umene bambo ankati ndi kasokedwe ka kunja, umene inu munkaonetsa anzanu pa ukwati wanu mukuzungulira ngati tambala. Bambo anakwatira mu jekete ya maliro. Inu munakwatira mu jekete ya maliro. Mwamuna wanga munamukaniza kuti si wamagazi, anakwatira mu jekete yobwereka kwa mnzake wamoyo. Mulungu amadziwa kusamala ake. Chikomekome cha mkuyu, achimwene, m'kati muli nyerere.

Tsamba lomaliza ndilo linandithetsa kuseka. Munthu wobwezedwa sankangomusiya pamsewu. Pankafunika wachibale womulandira, apo ayi ankamutumiza kumsasa wa anthu osowa kwawo. Abale awo aamuna awiri analembedwa kuti anakana. Pansi pake pali chidindo cha chala, chifukwa amene anavomerayo sankadziwa kulemba. Anali mlongo wawo wa agogo, ntchito yake wochapa zovala. Malo amene analembetsa kuti akamusunga ndi pakhomo pa makolo athu pompaja.

Mukuwakumbukira mayi amenewa? Simungawakumbukire. Chithunzi chawo palibe, pamanda pawo palibe mwala, ndipo bambo ankangowatchula mwa apo ndi apo kuti mayi aja ochapa.

Ndinapita nawo mapepalawo kwa azakhali, mtima uli m'mwamba kuti mwina ndiwapha nawo. Anawagwira mozondoka, n'kundibwezera, n'kunena kuti ndavutika pachabe, ndikanangowafunsa. Anati iwo anadziwa ali mtsikana, anawauza ndi mayi ochapawo tsiku lina akuyanika limodzi. Nthawi imeneyo nyumba yaikulu ija kunalibe. Panali chipinda cha kuseri chokhacho, ndipo mayiwo anatchinga pakati ndi nsalu, n'kugoneka mlongo wawo mbali inayo.

Azakhali akuti agogo anafika ngati munthu wopanda pakamwa, miyezi osatuluka panja. Anthu atayamba kufunsa, mayiwo ndiwo anapeka za ukalaliki, kuti munthuyo apeze ntchito ndi mkazi. Chithunzi anachimatula pa chikalata chotulukira kundende n'kuchipachika okha, kuti bodzalo likhale ndi miyendo. Jekete agogo anali ataitumiza kale papositi asanagwidwe, ndipo mayiwo anaichapa n'kulimbitsa msoko. Kuyambira pamenepo agogo sanatolenso ngakhale batani la munthu. Analondera sitolo ya matabwa mpaka kukalamba, n'kumanga nyumba yaikuluyo pang'onopang'ono.

Nditawafunsa azakhali chifukwa chimene anakhalira chete zaka zonsezi, anati amuna a m'banja muno bodzalo limawanenepetsa kuposa chakudya, ndiye ndani angamulande galu mbale ali pakudya.

Ndiye onani, inu a mdzukulu wa kalaliki. Mapewa amene mumakweza aja anakupatsani ndi mayi wosadziwa kulemba dzina lake. Akanachita ngati abale awo awiri aja, akanachita ngati inu, bwenzi bambo kulibe, ine kulibe, inu ndi kabuku kanu kulibe.

Pochoka kwa azakhali ndinadzera kunyumbako. Alamu anu ndinawapeza akhala pakhonde, miyendo ili pa tebulo la amayi, ndipo sanandipatse ngakhale mpando. Ndinazungulira kuseri, n'kusuzumira pawindo. M'chipinda chimene mukuchiteteza kwa mwana wangacho muli matayala akale, mipando yothyoka ndi makoswe. Misomali iwiri imene inkagwira chingwe cha nsalu ija idakali kukhoma.

Mwana wanga sindikumuyeretsa. Anaba mabatire a galimoto pagalaja pamene ankagwira ntchito, anagulitsa, anamwera mowa. Nditamva ndinamumenya ndi nsapato pamaso pa apolisi. Chilango chake wagwira chonse. Nditapita kukamuona sabata yatha anandifunsa ngati amalume ake ayankha. Ndinamuuza kuti makalata amachedwa. Anangogwedeza mutu, n'kunena kuti ndisavutike, pali anzake ena amene anatuluka kale, amuuza kuti malo alipo.

Anzakewo ndikuwadziwa, achimwene. Akapita kumeneko, chaka sichitha ndisanayambenso kuima pamzere wa kundende ndi kontena ya chakudya, ndipo mwina umenewo ndiye mwayi. Ndikuopa. Ndalemba mawu amenewa ndi dzanja langa, ndipo sindikuchita nawo manyazi.

Kupempha kwa inu kukundiwawa pakhosi, koma ndikupempha. Chibale ndi fupa, sichiola. Imbirani alamu anu atsegule chipindacho. Ndikasesa ndekha, ndikapaka laimu ndekha, mphasa ndi bulangete ndagula kale. Mwini galaja ina pafupi ndi pomwepo wavomera kumuyesa ntchito, bola akhale ndi pogona podziwika. Kunyumba yaikulu sakalowako, chithunzi cha agogo sakachidetsa ndi maso ake.

Musaganize kuti ndikukuopsezani. Akuchikazi sindiwalembera, nthawi yake ndilibe. Mapepala ndajambulitsa, ndaika mu envelopu momwemu. Mwini kabuku ndinu, musankha nokha zolembamo. Jekete ndatumiza papositi monga munanenera, ndaikamo ndi mankhwala a njenjete. Mwana wanu akafuna avale, mwini wake sanadandaulepo.

Tsiku lotuluka ndikamutenga ndekha, ndipo tidzabwera molunjika kunyumba ya makolo athu. Tidzaima pageti paja, pansi pa nambala yagolide, mkaidi watsopano pakhomo pa mkaidi wakale. Chala chodindira ndili nacho, achimwene, ngati cha mayi aja. Chimene ndilibe ndi makiyi.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana onse, makamaka mkwati wathu. Azakhali akuti akukupatsani moni, ndipo muleke kudzikweza mungagunde denga. Mulungu akusungeni, akupatseni moyo wautali, ndipo tsiku lanu likadzafika, wokhoma bokosi asadzakhale wa m'banja mwathu.

Ine mlongo wanu,
mdzukulu wa mayi aja ochapa.