Mzere Umodzi Wosalemba pa Fomu ya Mkaka

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 59, ndipo ndagwira ntchito yoyendera malo ogulitsira zakudya kwa zaka 31. Kwatsala miyezi inayi kuti ndipume. Kunyumba ndili ndi makope 62 a maulendo anga, opanda tsamba long'ambika. Anzanga amanditcha Mayi Nambala.

Lachiwiri lapitali ndinatseka kasitolo ka mayi wina wogulitsa mkaka. Choyezera kutentha changa chinasonyeza madigiri 12 m'firiji mwake, pomwe mkaka umafuna kuzizira kuposa pamenepo. Ndinathira malita 40 m'ngalande iye akuonerera. Sanalire. Anangopukuta manja pa epuloni n'kunena kuti, "Amayi, lembani zonse, pepala langa mundipatse."

Polemba fomu ku ofesi, ndinafika pa mzere wofunsa tsiku limene choyezeracho chinapimidwa komaliza. Nditachitembenuza, kapepala komata kumbuyo kanandiuza kuti chinayenera kupimidwanso masiku asanu ndi anayi m'mbuyomo. Ine wodziwa kuti masitepe a ku ofesi kwathu ndi 23, tsiku limeneli linandidutsa.

Ndinauza abwana. Iwo anaseka, nati ndilembe nambala ndi tsiku la choyezera cha mnzanga wa desiki yoyandikana, poti mkaka wotayidwa subwera kudzachitira umboni. Mzerewo ndausiya wosalemba, ndipo lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi sitolo ili chitsekere.

Ndikalemba zoona, mwina zidzaoneka kuti ndinatayitsa mkaka wabwino, ndipo ndidzapuma ndi banga. Komatu mkakawo unali wofunda m'manja, ndipo chitseko cha firiji chinali chomanga ndi chingwe. Zimenezi sindinazilembe, ndinadalira nambala. Nditani?

E.N.

Amayi,

Inu mukuwerenga miyezi inayi. Mwini sitolo akuwerenga m'mawa uliwonse umene makasitomala ake akukagula kwina. Tiyambire kwa iyeyo.

Za abwana zija zisiyeni. Nambala ya choyezera cha mnzanu ikalowa pa fomu, wosaina pansi ndinu. Tsiku lofunsidwa mafunso abwanawo adzakhala ali ku msonkhano.

Mawa m'mawa lembani tsiku lenileni pa mzerewo, ndipo muonjezere ndi dzanja lanu kuti linapitirira ndi masiku asanu ndi anayi. Kenako perekani choyezera chikapimidwe momwe chililimu, osasintha ngakhale batire, ndipo zotsatira zake muzimate pa fomu. Chikapezeka cholondola, chigamulo chanu chaima ndi miyendo yake. Chikapezeka chonama, ndi bwino mumve kwa opima kusiyana n'kudzamva pa mlandu.

Za chingwe ndi mkaka wofunda muzilembe papepala lapadera, la tsiku la mawa lomwelo, munene kuti mukuchita kukumbukira. Musazipanikize pakati pa mizere ya Lachiwiri ngati munazilemba pomwepo. Maso ndi manja anu ndi mboni zabwino, kungoti tsiku lija munaiwala kuziitana.

Mukatero, tengani mnzanu wa desiki uja ndi choyezera chake chopimidwa, mupitenso kusitoloko. Firiji ikapezeka kuti ikuzizira bwino, sainani kuti atsegule tsiku lomwelo, osati mawa lake. Mumuuze mayiyo pamaso pa mnzanuyo za tsiku linapitirira lija, mumuuzenso kumene angakadandaule ngati akuona kuti munamulakwira. Umenewo ndi ufulu wake, ngakhale wodandauliridwayo ndinu.

Sindikubisirani: mwina mulandira kalata yokudzudzulani. Kalata yotero imalowa m'faelo n'kugona tulo. Koma nambala yobwereka ikadzagwidwa, adzayamba kukayikira makope onse 62, tsamba ndi tsamba, ndiponso sitolo iliyonse imene munatsekapo.

Chenjerani ndi kuchedwa, chifukwa mzere wosalemba nawo umayankhula. Mayi uja anakupemphani zinthu ziwiri zokha: mulembe zonse, mumupatse pepala lake. Werengani nokha, Mayi Nambala, kuti mwachitapo zingati.