Mfundo ya Bambo pa Galimoto Yanga

Nkhata Bay

Okondedwa achimwene a Matthew,

Muli bwanji kumeneko ku Tsangano? Nanga amayi, mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tili moyo, ndipo mawu amenewa sindikulemba mwamwambo chabe ayi. Mumva chifukwa chake.

Kuno kukutentha, mvula sinayambe. Ntchito ku ofesi ikuyenda. Eric wazolowera kondowole, ndipo Chitonga akuchilankhula kuposa ine mayi wake.

Nkhani ndi ya galimoto munandigulitsa ija. Mukumbukira malangizo munandipatsa pondipatsa makiyi? Munati ndisamakhotetse chiwongolero mpaka kumapeto chifukwa kumatha matayala. Poiyesa munasankha msewu wowongoka, wailesi ili pamwamba. Ine ndinkangoti achimwene akusangalala kuti mlongo wawo wagula galimoto.

Koma Nkhata Bay si malo a misewu yowongoka. Sabata yoyamba yomwe, ndikukhota pamsika, kutsogolo kunayamba kulira kuti kha-kha-kha, kusiya ndikawongola. Nditakuimbirani munati ndi timiyala. Kenako ndinaona girizi wakuda atamwazika mkati mwa tayala, galimoto n'kumanjenjemera pokwera chitunda. Munatinso ndi misewu ya kuno. Ndinakukhulupirirani, poti ndinu makaniko, komanso ndinu amene munandilera bambo atamwalira.

Loweruka lapitali ndinkapita ku Mzuzu ndi Eric ndi khanda Winnie. Pokhota pena, pachitunda, panamveka phokoso lalikulu pansi. Injini inkalira koma galimoto osapita, m'malo mwake inayamba kubwerera chammbuyo, kumbali kuli phompho. Ndinaponda buleki osachotsapo phazi, mpaka azimayi ogulitsa nthochi anathamanga n'kudzaika miyala kumatayala. Mmodzi anandilandira Winnie, ine n'kutsitsa Eric.

A Amon, makaniko wa kuno, anaikoka n'kuimasula ine ndikuona. Anati chathyoka ndi siivi joyinti, mfundo yachitsulo imene imapereka mphamvu ku tayala ngakhale likukhota. Anandionetsa mphira woikuta, wong'ambika kalekale, mchenga utalowa n'kudya zitsulo. Anati phokoso lija linali chenjezo, ndipo ndikanabwera nalo msanga akanangosintha, nkhani n'kutha. Kenako anapukusa mutu n'kunena kuti amene anandigulitsa ankadziwa, chifukwa anadzazamo girizi wolimba kuti ikhale chete kwa masiku angapo, n'kukulunga pong'ambikapo ndi chubu cha njinga.

Achimwene, ndinakuikirani kumbuyo. Ndinawauza a Amon mokweza kuti mwina nanunso anakupusitsani kumene munaigula. Iwo anangondipatsa chubucho m'manja, chili chimangire.

Mfundo ya pa chubucho ndinaidziwa pomwepo. Ndi ija bambo ankamangira matumba a mbatatesi panjinga, yozunguliza kawiri n'kupisa nsonga pansi kuti imasuke ndi dzanja limodzi. Anaphunzitsa ana awo awiri okha, inu ndi ine. Ndinakhala pansi pagalaja paja n'kulira ngati mwana, anthu akundiyang'ana.

Zandipweteka, ndisakubisireni. Mukanandiuza kuti mlongo, galimotoyi ili ndi vuto ili, ndikanaigulabe n'kukakonzetsa. Munkadziwa kuti m'galimotomo muzikwera ana anga. Munkadziwanso kuti mwezi wamawa ndimafuna kudzawatenga amayi pa galimoto yomweyi kuti adzaone ubatizo wa Winnie. Amati chibale ndi fupa sichiola, n'chifukwa chake ndalembera inu, osati amalume.

A Amon aitanitsa joyinti yatsopano, ndipo ati ya mbali inayo nayonso yatha. Ngakhale aikonze, mtima wanga sunafike poyenda nayo ulendo wautali chonchi.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi akuwerenga masiku, ndamva kuti asoketsa kale chilundu chatsopano. Pitani mukawauze nokha, ndi pakamwa panu, chifukwa chimene sindibwera kudzawatenga. Ine sindiwanamiza, komanso sindikufuna kuti azimve kwa ine.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga, azakhali ndi ana onse. Eric akuti moni kwa amalume ake, amakukondanibe.

Chubu chija ndachiika m'envulopu momwemu. Mfundo sindinaimasule.

Ndine mlongo wanu,
Sophie