Kalipentala pa Diripi

Lolemba, 3 Malichi
Yabwereranso. Zotupa ziwiri m'khosi, china m'khwapa. Nditangopuma zaka zitatu. Adokotala akuti ndi khansa yomwe ija ya mwanabele, folikyula limfoma. Dzina ngati la galimoto yakunja. Koma pali kafukufuku wa mankhwala atsopano: asilikali a m'thupi opangidwa ku labotale, amakagwira khansayo n'kuitana anzawo. Sakulonjeza kanthu. Fomu masamba khumi ndi awiri. Mayi akunyumba anawerenga onse, ine kwanga kusayina.

Lolemba, 10 Malichi
Diripi yoyamba. Maola asanu pampando wogwedera, mwendo umodzi waufupi. Zaka makumi atatu ndikupala matabwa, ndingakhale chete? Ndauza anamwino. Akuti, "Bambo, mwabwera kudzachira kapena kudzafuna ganyu?" Wodi yonse kuseka.

Lachitatu, 12 Malichi
Thupi moto, kunjenjemera. Andigoneka. Adokotala akuti zimachitika, asilikali aja ayamba nkhondo. Mayi akunyumba anakalirira kukhonde, akuyesa sindinamve. Mantha, eya. Fomu imati ndingathe kusiya tsiku lililonse. Sindisiya.

Lolemba, 7 Epulo
Ndinalowa ndi kathabwa m'thumba, mpando wakhazikika. Aphunzitsi, anzanga a mpando woyandikana, akuti magazi amene atitenga angadzaze ndowa. Ulendo uno tsitsi silikuthothoka. Ndinadzitama kwa alamu. Akuti, "Lithothoke liti pa dazi limenelo?" Njala yabwerera, ndadya mbale ziwiri.

Lolemba, 2 Juni
Zotsatira za sikani, makina ounika m'thupi. Sabata yonse ndakhala ndikusisita khosi ngati thabwa, kufuna mfundo, dzanja osapeza kanthu. Cha m'khwapa chasowa, ziwiri zija zatsala ngati njere za mpunga. Adokotala sakuti ndachira, akuti tiziona. Komabe panjira ndimaimba mluzu.
Aphunzitsi sizinawayendere. Atuluka m'kafukufuku, akayesa mankhwala ena. Anandigwira dzanja: "Achimwene, mutichirire tonse." 

Lachisanu, 6 Juni
Kushedi m'mamawa. Fungo la utuchi, abale! Kwabwera mayi wina, akumanga nyumba: zitseko, mafelemu a mawindo, makabati, denga. Ntchito yofika chaka chamawa. Akuti, "Mukwanitsa?" Mayi akunyumba anali atandibweretsera tiyi. Anandiyang'ana, ine maso pansi. Chaka chamawa. Mawu amene tinaleka kuwatchula pakhomo pano.
Ndavomera. Mawa kukayeza. Kodi tepi yanga yaitali ndinabwereka ndani?