Miyala Mumpunga wa Amayi Ako

Chamama, Kasungu
16 Juni 2008

Wokondedwa mwana wanga Consolata,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Blantyre kumeneko, iweyo, akamwini athu a Benjamin, ndi kamdzukulu kathu kamene sitinakaonebe. Kuno tili bwino, kupatula msana wangawu umene ukuudziwa kale. Chimanga cha feteleza wa makuponi chija chadzaza nkhokwe, chaka chino njala itiiwale.

Useke ndithu: Loweruka lapitali ine bambo wako ndinadzipatsa holide. Fodya womaliza atapita ku okushoni, ndinauza amayi ako kuti lero palibe wolowa m'chigafa, tikaonere kanema pa Chamama. Anati ndapenga, kumeneko n'kwa achinyamata. Komabe anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ine n'kuwakweza panjinga.

Ndikuuze chimene ndinachitira zimenezi. Mwezi watha belo lathu limodzi linabwezedwa, ati munali fodya wosakaniza, wofiira ndi wakuda pamodzi. Wosankha anali amayi ako, omwewa amene anaphunzitsa theka la mudzi uno kusankha fodya. Ndinawakalipira pamaso pa aganyu, ndinati ukalamba wawapatsa ulesi. Ndiye kanemayo kunali kupepesa kwanga, poti kuuma kwa pakamwa panga umakudziwa.

Kanemayo amaonetsera m'kachipinda ka a Grey, kuseri kwa golosale yawo, jenereta ili phokoso panja. Inali filimu ya ku Nigeria, mayi wina akuthamangitsa mwamuna wake ndi chipande. Anthu kuseka kwake! Amayi ako nawonso ankaseka, koma mochedwa, ena atayamba kale. Kenaka anandinong'oneza, kufunsa ngati amene akulirayo ndi mayi yemwe uja kapena wina. Consolata, tinali pabenchi yakutsogolo, nkhope ya mayiyo itadzaza TV yonse.

Zotsala za filimuyo sindinazione.

Pobwerera tinagula mpunga, ndipo ndinapha tambala wovuta uja amajompha ana. Ndinati lero wophika ndine. A Mphepo oyandikana nafe, podutsa n'kundiona ndikukazinga anyezi, anati basi, adyetsedwa kondaine achimwene. Ndinawauza kuti asamale zakwawo. Amayi ako anakana kungokhala, anatenga lichero kuti asankhe mpunga. Ndinawayang'anitsitsa ndili pamoto. Maso awo anali kumtengo wa mango, zala ndizo zinkafufuza miyala.

Tinadya pakhonde dzuwa lisanalowe. Ndinaluma mwala kawiri, n'kungomeza. Zaka makumi atatu za banja lathu sindinalumepo mwala mumpunga wa amayi ako. Nditaluma kachitatu anamva okha kuti khutchu, anaika supuni pansi.

Anati zinayamba chaka chatha, ngati utsi wa m'khitchini umene sukuchoka, ndipo diso lamanzere ndiye latsekeratu. Fodya yense uja anamusankha ndi zala. Anabisa poopa kuti ndidzati ndikudyetsa munthu wopanda ntchito. Taganiza, mawu amene ankawaopawo ndi omwe ndinawanena m'chigafa muja. Ndinalira, mwana wanga, mbale ili pamwendo. Mpaka pano manyazi sanandichoke.

Anandilonjezetsa kuti ndisakuuze, ati uli ndi khanda, usavutike. Lonjezolo ndikuliswa ndi kalata ino, adzandikalipira bwino lake. A Kalekeni a zaumoyo m'dera lino akuti ikuoneka ngati ng'ala, ndipo kuchipatala cha maso amachotsa. Koma amayi ako akukana kwamtuwagalu, akuti palibe wowalowetsa mpeni m'diso. Ine sangandimvere, ndipo sindikuwada. Iwe ndiye amakumvera kuyambira uli kamtsikana.

Undiperekere moni kwa a Benjamin, uwapemphe m'dzina langa akulole ubwere. Achimwene ako a Vincent ndi a m'nyumba mwawo akupereka moni. Mulungu akusungeni nonse, akuyendetse bwino pamsewu.

Chonde usadikire Khirisimasi. Bwera mwezi uno, mwana ali kumsana, udzamuike pamiyendo pawo diso lamanjali likadaona. Amuone mdzukulu wawo ndi maso, asadzachite kumufufuza ndi zala ngati mpunga wa mulichero.

Ndine bambo wako wokukonda,
Simeon