Abambo Tulukani, Nthawi Yakwana

Lolemba, 14 Okutobala

Phillis wachira lero m'mawa. Mwana wamkazi. Wafulumira, ife timayembekezera mwezi wamawa. Ndi wamng'ono moti chipewa chimene P. analuka chikumufika pamphuno. Anesi akuti sakukwana makilogalamu awiri, koma akupuma yekha.

Amene wandiopsa ndi P. Wataya magazi ambiri, milomo yachita kuyera. Amuika diripi. Nditamufunsa ngati akumva kupweteka anangoti, "Mwamuona?" n'kutseka maso.

Vuto ndi gadiyani. Aliyense m'wodimo ali ndi mayi ake, apongozi kapena mchemwali, atayala mkeka pambali pa bedi. Ife tilibe. Kuno ku Chintheche tinabwera chaka chatha ndi ntchito yanga yaulangizi, abale onse ali ku Thyolo. Ndawaimbira apongozi. Akuti sangawasiye bambo ali chigonere, mpaka apezeke wowasiyira.

Madzulo Sisita Ethel, wamkulu wa wodi, anaomba m'manja: "Abambo tulukani, nthawi yakwana." Ndinawauza kuti mkazi wanga sangathe ngakhale kudzuka yekha. Anati, "Ndaona, bambo. Koma muno muli amayi enanso. Mwamuna sagona muno." Ndinatuluka beseni lili m'manja. Mpaka pano sindikudziwa chimene ndinalitengera.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tulo ayi. Nyumba ikutentha ngati uvuni wa njerwa. Ndachapa matewera oyerayera kale, ndasesa, ndakhala pakhomo, ndalowanso. Lero ndi tsiku la anakubala, wailesi ikungoimba za amayi. Ndaithimitsa.

Kuchipatala ndinafika chipata chisanatsegulidwe. P. akuti mwana analira nthawi yaitali, iye akulephera kutembenuka chifukwa cha chizungulire. Nesi anali mmodzi yekha, ndipo anali kochiritsa mayi wina. Amene anadzuka n'kumunyamula mwana, n'kumuika kubere, ndi gadiyani wa bedi loyandikana, aNyaLongwe a ku Bandawe, amene akudikirira mwana wawo Bessie.

Ndinapita kukawathokoza. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunena m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitonga, "Ada, pitani mukaphike phala. Muno ndi mwa anthukazi."

Phala ndaphika, lapserera pang'ono. P. wamwa masipuni ochepa.

Aleck wa kuntchito anabwera kudzationa. Ndikumufotokozera anaseka. Akuti kwawo bambo saona n'komwe mwana asanatuluke m'chikuta, ndiye ine ndikufuna kukagona pakati pa azimayi oyamwitsa? Ndinati sindikufuna azimayi, ndikufuna kumupatsira mkazi wanga kapu ya madzi. Anati, "Madzi ampatsa anzake." Nanga anzakewo akatopa?

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndachita zopusa.

Dzulo atatitulutsa sindinapite kunyumba. Ndinazungulira kuseri kwa wodi n'kukhala panjerwa pansi pa windo la P. Ndimangofuna kumva basi. Mwana atayamba kulira ndinaimirira kuti ndisuzumire. Mayi wina anaona mutu wa munthu pawindo n'kukuwa. Wodi yonse inadzuka, makanda onse kulira. Mlonda, a Zacharia, anabwera ndi tochi ndi chibonga, ndipo akadapanda kundizindikira bwenzi ndikulemba izi ndili ndi bandeji. Amayi anatseka mawindo onse mpaka kucha, kutentha konseku.

Lero ndikulowa m'wodi amayi ena anayamba kukoka zitenje kufunda pachifuwa. P. anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi anati, "Mwandichititsa manyazi, Elson. Akunditchula mkazi wa bambo wa pawindo."

Sisita Ethel anandiitanira mu ofesi. Ndimati andiletsa kubweranso. Anandikalipira ndithu, koma kenaka anakhala pansi n'kunena zina. Mwana watsika sikelo ndipo thupi lake likuzizira msanga. Akufunika kangaru, kumumangirira pachifuwa pa munthu, khungu kukhungu, usana ndi usiku. P. sangakhale tsonga nthawi yaitali, amuika magazi koma mphamvu zikubwerera pang'onopang'ono.

Ndinati chifuwa ndili nacho ine.

"Masana palibe vuto," anatero. "Za usiku sindingayankhe ndekha. Wodi si yanga, ndi ya amene agonamo. Mawa ndiwafunsa. Koma mwadziwonongera nokha mlandu."

Masana onse ndinakhala pambali pa bedi mwana ali m'malaya mwanga. Sakulemera n'komwe. Ndimangogwiragwira kuti ndimve ngati akupuma.

Lachinayi, 17 Okutobala

Awafunsa. Ine ndinaima pakhonde, zonse ndimamva.

Sisita anati akhoza kutchinga bedi la P. ndi nsalu, ine osatuluka m'menemo mpaka kucha. Mayi wina anati iye alibe nazo ntchito bola ndisamasuzumire, anthu n'kuseka. Bessie anati mwamuna wake akadapempha zotere akadamulola lero lomwe. Amayi ake anamudula, aNyaLongwe, akuti nsalu sitseka makutu, ndipo pali zinthu zimene mzimayi wochira kumene amachita usiku zosayenera mwamuna wa mwini kumva. Komabe ambiri amaoneka kuti akufewa.

Kenaka panamveka mawu a mtsikana wa bedi la pakona, Miracle, amene chibwerere sindinamumvepo akulankhula. Anati, "Akalowa, ine ndikagona panja."

Sisita anati nkhani yatha.

Ndinakwiya zedi. Ndinatenga njinga yamoto ndi cholinga chokaona alimi ku Limphasa, ndinangofika panjira n'kubwerera. Munthu mmodzi, mwana wamng'ono chonchija, akanize mwana wanga kufunda? Ndinalowa m'wodi ndikunena zomwezo monong'ona. P. anandigwira dzanja kuti ndikhale chete.

Anandiuza motsitsa mawu. Mwana wa Miracle anabadwa atamwalira. Iye akumusungabe chifukwa thupi likutentha. Mkaka ukutuluka wokha mpaka kunyowetsa bulauzi. Mwamuna wake anabwera kamodzi, anaima pakhomo la wodi n'kumufunsa, anthu onse akumva, kuti anachedweranji kubwera kuchipatala, basi n'kumapita. Gadiyani wake ndi azakhali okalamba amene amangogona.

"Masana sadzuka," anatero P. "Amadikira abambo nonse mutuluke, ndiye n'kumayenda chogwira khoma kupita kubafa, chitenje chili magazi. Usiku wokha ndi umene uli wake."

Ndinafunsa kuti nanga inu simukundifuna?

"Ndikukufunani. Dzulo ndinalira kufuna inu. Koma ndikadakhala iyeyo, nanenso ndikadakana."

Ndabwera kunyumba ndi zonse ziwiri m'mutu. Mtsikanayo sakulakwa. Koma ndikaganiza kuti pakali pano mwana wanga ali m'nsalu zokha, akuzizira, ine ndili pano ndi chifuwa chotentha chopanda ntchito, ndikulephera kukhala pampando.

Lachisanu, 18 Okutobala

M'mawa. Sikelo yatsikanso. Bessie amutulutsa lero, ndiye kuti aNyaLongwe akupita. Apongozi akuti mwina Lolemba. Usiku uno P. alibe aliyense.

Masana. Ndinapeza aNyaLongwe atakulunga kale mkeka, koma sakunyamuka. Amalankhula ndi Sisita m'Chitonga, mwachangu, akuloza ine ndi mlomo. Sindinamve kanthu kupatula "ada" ndi "mwana".

Kenaka Sisita ananditengera kukachipinda koyandikana ndi ofesi yawo, mosungira sikelo ndi mabedi othyoka. Chitseko chake chimayang'ana kukhonde lopita kubafa, osati m'wodi. Anati, "M'wodi simulowa. Mwana ndi amene azituluka kubwera kwa inu. Nesi azidzamutenga kukayamwa, n'kumubweza. Chitseko chizikhala chotseka. Mukasowa chimbudzi, mupirire." Akuti Miracle amufunsa, wangogwedeza mutu movomera. Ndinafunsa ngati zimenezi n'zololedwa. Anati, "Lolemba akandifunsa akuluakulu ndidzayankha ndine."

ANyaLongwe sanakhutire ndi mmene ndinamangira mwana pachifuwa. Anandivulitsa malaya pamaso pa Sisita, n'kumasula zonse, n'kuyambiranso ndi chitenje chawo. Miyendo ya mwana ngati chule, mutu kumbali, mfundo kumsana. Anakoka mpaka ndinabanika. "Mukawodzera, ada, mfundo ndiyo igwire mwana." Chitenjecho anakana kuti ndiwabwezere. Minibasi ya ku Bandawe inawasiya, anakadikira ina.

Ndathamangira kunyumba kudzatenga mpando wa pulasitiki ndi kabukuka.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndikulemba ndi dzanja limodzi, kabuku kali pabondo.

Msana wauma, udzudzu wandidya m'mapazi, thukuta lathu lasakanikirana. Nthawi zonse nesi akamutenga kukayamwa pachifuwa pamazizira, ndimangoyendayenda pakati pa mabedi othyokawo mpaka amubweze. Atamuyeza kutentha kunja kukuyera anati zili bwino, sanatsike ngakhale pang'ono. P. akuti wagona tulo tenitenitu koyamba chichirire, mpaka nesi amachita kumugwedeza.

Pobweza mwana komaliza nesi sanakankhe chitseko mokwanira. Ndinamva mapazi okwekwereza pakhonde, ndinadziwa kuti ndi ndani. Kuti ndidzuke ndikatseke, ndikadamuopsa. Ndinangotembenuzira nkhope kukhoma.

Mapazi anaima.

"Bambo, kaphazi katuluka."

Ndinayang'ana, zoona, kaphazi kali panja pa chitenje. Ndinayesa kukabweza koma mfundo ya aNyaLongwe sikulola dzanja kulowa. Miracle analowa pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili kukhoma. Anakagwira kaphaziko n'kukalowetsa, n'kukoka nsalu. Dzanja lake linatsala pamenepo, pamsana pa mwana. Ine maso padenga.

Anafunsa dzina. Ndinati sitinamutche.

Kenaka anati, "Mukatopa, ndingamufungatireko? Thupi lasiya kutentha, afunseni anesi."

Ndinati ndifunse kaye mayi ake akadzuka.

P. akadali m'tulo. Miracle sanabwerere kubedi lake. Wakhala pabenchi la pakhonde moyang'anizana ndi chitseko, manja ali pamiyendo, akudikira.