Laputopu Yaona Masamba a Chinangwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko. Kuno ku Benga m'thupi tili bwino, kungoti nyumba yakula chitisiyireni mayi ake a Tiyamike. Mabuku ndimatsegula, koma sindimaliza tsamba.

Nkhani ndi ya mwana wanu Tiyamikeyo. Pulogalamu ya pafoni imene anapanga ija, yozindikira matenda a chinangwa pojambula masamba, alangizi a zaulimi anaifuna pa laputopu kuti alimi azionera limodzi. Koma mwambo wa maliro utatha, Tiyamike ananena kuti za pulogalamuzo wazisiya, ngakhale kukoleji sabwereranso. Ndinangomupempha kuti ayese kamodzi.

Tsiku loyamba zinakanika. Foni imajambula ndi kamera yakumbuyo, pomwe laputopu ili ndi yakutsogolo yokha. Ndiye inajambula nkhope ya a Phiri, mlangizi wathu, n'kulemba kuti tsambali silikudziwika. A Phiri anati, "Mwanawe, bola sinandipeze ndi khate la chinangwa." Aka kanali koyamba kumumva Tiyamike akuseka chichitikireni maliro aja.

Anailimbikira masiku anayi. Anaikonza kuti munthu azingoonetsa tsamba kutsogolo, ndipo malo onse odina ndi chala anawasintha kuti azigwira ndi kiyibodi. Lachisanu alimi anabwera ndi masamba m'manja, laputopu n'kumatchula matenda molondola. Ine ndinakhala kumbuyo, n'kumauza aliyense kuti ameneyo ndi mwana wanga, ngakhale onse amamudziwa.

Wanena kuti Lolemba abwerera kukoleji. Chonde mumuimbire foni, mumuyamikire, koma musamufunse chimene chamusinthitsa maganizo. Inenso sindinamufunse.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane