Ambulera ya Mei Ling

Lachinayi, 15 Juni 2006, Hull, ku England.

Mei Ling, mnzanga wa ku China amene timasambitsa naye okalamba kuntchito, amugoneka m'chipatala. Magazi akuthamanga kwambiri, impso zikuvuta, ndipo mimba yangokwana miyezi isanu ndi iwiri.

Dzana lomweli ndinamukalipira. "Iwe, ambulera pa kadzuwa ka ku Hull aka? Masaya afiirawo ndi mafuta oyeretsa khungu, ndinawaona ku Ndirande. Siya, upweteka mwana!" Iye anangoti, "Chabwino, Sisi Grace." Ndinachoka ndikudzitama kuti ine sindipsatira mawu.

Madzulo ano mwamuna wake wandiuza pafoni kuti ndi lupasi, matenda oti thupi limadziukira lokha. Kufiirako ndi matendawo, ndipo dzuwa limawaputa. Mimba ziwiri zinapita kale padera!

Mawa amuchita opaleshoni, mwana abadwe masiku osakwana. Mwamunayo akuti Mei Ling akufuna ine pambali pake, poti madokotala amalankhula mozungulira, koma Grace adzamuuza zoona.

Ine? Nanga zoonazo zikadzakhala zoti mwanayo...